Chati ca Oluka m'Mbiri ya Mzinda wa Lusaka

Mau akuti kuluka ndi akale ndithu m'Cinyanja. Makolo analuka mphasa, madengu, malicero, miono ndi maukonde kalekale, mlendo wa kutsidya kwa nyanja asanaponde dziko lino. Woluka licero analibe pepala, komatu anali kuwerenga mumtima mwace kuti nsungwi iyi ilumphe ziwiri, nilowe pansi pa ziwiri, ndipo pa mzere wotsatira isunthe kamodzi. Akaphonya kuwerengako, maanga a licero anapotoka, ndipo ali yense anaona. Zimene zinadza ndi alendo ndizo singano ziwiri, ulusi wa ubweya wa nkhosa, ndi pepala lonena za malukidwe. Nkhani ino ilondola njira imene pepalalo linayenda m'mzinda wa Lusaka, ndipo ionetsa cifukwa cace chati ca timabokosi ciyenera kuphunzitsidwa m'sukulu monga phunziro la kuwerenga ndi la masamu, si monga nchito yongopititsa nthawi ya masana ai.

Kumene Chati Cinacokera

Kuluka ndi singano sikunayambe ndi Angerezi. Zina mwa zoluka zakale koposa zimene zasungika ndizo masokosi a thonje opezeka ku Egypt. Ku Spain, m'manda a Fernando de la Cerda, mwana wa mfumu amene anafa mu 1275, munapezeka mtsamiro wolukidwa ndi silika, wokhala ndi zithunzi za ziombankhanga ndi maluwa. Amene analuka zotere anali kuwerenga masitichi ace mosamala, ndiko kunena timfundo ta ulusi tokhala pa singano, pakuti cithunzi ca pa coluka cimangidwa ndi sitichi imodzi imodzi.

Pepala la timabokosi linayamba kuthandiza osoka maluwa pa nsalu ndi oomba nsalu. Johann Schönsperger, wosindikiza mabuku wa ku Augsburg, anaturutsa timabuku ta zithunzi zotere mu 1523 ndi 1524. Nzeru yace inali yapafupi: kabokosi kakuda kanena mtundu wina wa ulusi, koyera kanena mtundu wina, ndipo munthu wa cinenero ciri conse atha kumva.

Koma oluka a ku Britain anakonda njira yina, ndiyo kulemba mzere uli wonse ndi mau acidule. Jane Gaugain, amene anali ndi sitolo ya ulusi ku Edinburgh, anasindikiza buku la malukidwe mu 1840, nagwiritsa nchito malemba oimira masitichi. Mu 1920 makampani awiri a ulusi anaphatikana nakhala Patons and Baldwins, ndipo timapepala tao ta mapatani tinafika m'maiko ambiri olamulidwa ndi Britain. M'timapepalamo chati cinapezeka makamaka pa majuzi a maanga a mitundu yambiri, a malukidwe a pa cisumbu ca Fair Isle, amene anachuka pamene Prince of Wales anayamba kuabvala poyera kuciyambi kwa zaka za 1920. Mary Thomas, m'mabuku ace a 1938 ndi 1943, anaphunzitsa oluka Acingerezi kudalira chati koposa kale, ndipo ku America Barbara Walker anaturutsa buku la machati mu 1972. Cotero pa nthawi imene Lusaka anali kumangidwa, pepala la woluka linali ndi mbali ziwiri: mau ambiri Acingerezi, ndi kacithunzi ka timabokosi pambali pace.

Mzinda Wogawika Pawiri

Njanji inafika mu 1905 pa malo amene anatenga dzina la nyakwawa Lusaaka. Mu 1931 Professor Stanley Adshead anakonza mapu a mzinda watsopano, ndipo mu 1935 likulu la Boma la Northern Rhodesia linasamuka ku Livingstone nilidza kuno. Mzindawu uli pa mtunda wokwera mamita monga 1,280, kotero m'miyezi ya Juni ndi Julaye mphepo ya m'mamawa ilasa mpaka m'mafupa. Kwa mwana wolawira kusukulu ndi kwa khanda lobadwa m'nyengo yacisanu, juzi ndi cipewa siziri zodzikometsera, koma zochinjiriza moyo.

Mapu a mzinda anagawa anthu monga mwa khungu lao. Kum'mawa, pa malo okwera, kunamangidwa nyumba zazikulu za Azungu, ndipo m'kupita kwa zaka kunakula midzi ya Woodlands ndi Kabulonga. Anchito Acifirika anapatsidwa malo ena, monga Kabwata, kumene kunali tinyumba tozungulira tofolera udzu, tomangidwira mwamuna mmodzi wodza kudzagwira nchito ndi kubwerera kwao. Lamulo la nyumba la 1948 linatsegula njira yakuti mabanja apatsidwe nyumba m'matauni, ndipo Chilenje ndi Matero anakula. Amai ambiri anatsata amuna ao kucokera ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ku Petauke ndi ku Nyasaland, ndipo Cinyanja cinakhala cinenero ca m'miseu ndi m'misika ya Lusaka.

Munthu angaganize kuti mai wa ku Kabwata anaphunzira kuluka m'nyumba ya dona wa ku Woodlands, koma kawirikawiri sizinatero. M'dziko lino anchito a m'nyumba za Azungu ambiri anali amuna, ndiwo ophika, ocapa ndi osita, monga Karen Tranberg Hansen analongosola m'buku lace la 1989 lochedwa Distant Companions. Mwamuna anacapa juzi ya bwana naiyanika, koma mkazi wace sanakhale pafupi ndi singano zimene zinailuka. Ngakhale m'masitolo ambiri a pa Cairo Road munthu wakuda anagulira pa kazenera ka kumbali, mcitidwe umene African National Congress ya Harry Nkumbula inalimbana nao m'zaka za 1950 pouza anthu kuti aleke kugula m'masitolo otere. Wogulira pa kazenera sangathe kutsegula timapepala ta mapatani ndi kusankha mofatsa.

Khomo limene luso ili linalowera linali la sukulu. Mabel Shaw anayamba sukulu ya atsikana ku Mbereshi mu 1915, Amethodist anali ndi yao ku Chipembi, ndipo m'sukulu zotere nchito za manja ndi za pakhomo zinali pakati peni peni pa maphunziro. Sukulu ya Jeanes, imene inayambira ku Mazabuka nisamukira ku Chalimbana, kum'mawa kwa Lusaka, mu 1939, inaphunzitsa aphunzitsi oyendera sukulu za kumidzi pamodzi ndi akazi ao, kuti mwamuna akathandize m'kalasi ndipo mkazi akaphunzitse amai anzace za pakhomo. M'matauni munali makalasi a amai m'maholo a welofeya ndi m'mabungwe a m'machalichi, ndipo mu 1958 ku Mindolo, ku Kitwe, kunatsegulidwa sukulu yophunzitsa amai. Anthu ambiri anadandaula pambuyo pace, ndipo anali ndi cifukwa, kuti atsikana anapatsidwa singano pamene abale ao anapatsidwa mabuku. Komatu m'singanomo munabisala masamu amene aphunzitsi ambiri sanaazindikire.

Khoma la Mau Acidule

Bvuto lalikulu la pepala la patani linali cinenero cace. Silinali Cingerezi ca m'buku lowerenga, koma malemba oduladula monga K2, P2, K2 tog ndi rep, odzaza tsamba lonse popanda popumira. Ngakhale mphunzitsi wopambana Standard 6 anatha kuima mutu pa tsamba lotere. Amai ambiri a nthawi imeneyo sanakhale nao mwai wofika patali ndi sukulu, cotero anaphunzira ndi maso: anabwereka juzi ya mnansi, naitembenuza, nawerenga masitichi ndi cala, naluka yofanana nayo. Luso limeneli ndi lalikulu, koma liri ndi malire ace, pakuti mwini juzi akailanda, patani yapita nayo.

Chati ndico cinali mbali ya pepala yosafuna Cingerezi. Cifuna zinthu zitatu zokha: kudziwa poyambira, kudziwa kolowera, ndi kuwerenga manambala. Citha kukopedwa ndi pensulo m'kope la masamu la mwana, nkupindidwa, nkutumizidwa m'kalata kucokera ku Kabwata kufikira ku Katete. Malamulo ace sanasinthe kuyambira masiku amenewo kufikira lero, ndipo ndi awa.

Mawerengedwe a Chati

Coyamba, kabokosi kamodzi ndi sitichi imodzi, ndipo mzere umodzi wa timabokosi ndi mzere umodzi wa coluka. Woluka asanagwire singano ayambe wawerenga ndandanda ya zizindikiro yokhala pambali pa chati, cifukwa osindikiza onse sagwirizana pa zizindikiro zao. Kawirikawiri kabokosi kopanda kanthu ndi sitichi yosalala, imene mabuku Acingerezi ailemba K. Kadontho ndi sitichi yotumphuka, imene ailemba P. Kozungulira ndi kukoleka ulusi pa singano kuti pakhale kabowo. Ndipo kamzere kopendeka ndi kuluka masitichi awiri pamodzi kuti acepe. Safunsa anadya phula, ndipo woluka wosafunsa ndandanda amasula nchito ya mlungu wathunthu.

Caciwiri, chati ciyambira pansi, ku ngodya ya kudzanja lamanja. Apa ndipo ana a sukulu asokonezeka koposa, pakuti aphunzitsidwa kuwerenga buku kuyambira pamwamba, kudzanja lamanzere. Mphunzitsi awakumbutse kuti coluka cikula monga khoma la nyumba, kuyambira pa maziko kukwera m'mwamba, ndi kuti sitichi yoyamba kucoka pa singano ndiyo ya kumanja.

Cacitatu, poluka ndi singano ziwiri nchito itembenuzidwa pa kutha kwa mzere uli wonse. Tsono mzere wa kumaso kwa coluka uwerengedwa kucokera kumanja kunka kumanzere, ndipo mzere wa kuseri uwerengedwa kucokera kumanzere kunka kumanja, monga wolima ndi ng'ombe atembenukira kumapeto a munda nabwerera ndi mzere wina. Nambala ya mzere ilembedwa kumbali imene mzerewo uyambira. Ndiponso chati cionetsa coluka monga cioneka kumaso, kotero kabokosi kopanda kanthu, kamene kumaso kali sitichi yosalala, kuseri kalukidwa ndi sitichi yotumphuka. Koma poluka mozungulira, monga cipewa kapena sokosi ya singano zinai, nchito siitembenuzidwa, ndipo mizere yonse iwerengedwa kucokera kumanja.

Cacinai, mizere iwiri yakuda kwambiri yoimirira m'chati isonyeza cigawo cobwerezabwereza. Apa ndipo pali masamu. Ngati cigawoco ciri ndi masitichi 8, ndipo cipewa ca mwana ciri ndi masitichi 88, cithunzi cidzalowa kokwana 11 popanda cotsala. Woluka akaika masitichi 90, awiri adzatsala, ndipo pokumana pa cipewa padzaoneka cilema. Mwana wozindikira ici wamva tanthauzo la kugawa koposa wongoloweza matebulo.

Cacisanu, sitichi siri yofanana mbali zonse monga kabokosi ka m'kope, koma ndi yotambalala koposa msinkhu wace. Ndi ulusi wapakati ndi singano za mamilimita 4, masitichi monga 22 ndi mizere monga 30 ndizo zidzaza masentimita 10 m'mimba ndi m'litali. Wojambula cithunzi ca timabokosi 22 m'mimba ndi 22 m'litali adzapeza coluka ca masentimita 10 m'mimba koma 7 okha ndi pang'ono m'litali. Mwana wojambula nkhwazi ya pa mbendera m'kope la masamu, osaonjeza mizere, adzaluka mbalame yofupika ndi yonenepa ngati bakha.

Cacisanu ndi cimodzi, woluka ayambe waluka kacidutswa koyesera nakayese ndi tepi. Ngati patani ifuna masitichi 22 pa masentimita 10, koma dzanja lace lomasuka lipereka 20, cifuwa ca juzi ca masitichi 88 cidzakhala masentimita 44 m'malo mwa 40. Mankhwala ace ndi kutenga singano zocepera.

Cotsiriza, diso lisasocere pa pepala. Rula iikidwe pamwamba pa mzere umene uli kulukidwa, osati pansi pace, kuti mizere yolukidwa kale ioneke ndi kuyerekezedwa ndi nchito ya m'manja. Pa kutha kwa mzere woluka alembe kacizindikiro ndi pensulo, kapena asunthe njere imodzi ya cimanga kucokera m'mbale yina kunka m'inzace. Poluka ndi mitundu iwiri, ulusi wodikira uyende kuseri momasuka kuti coluka cisakwinyike, ndipo usalumphe masitichi oposa asanu osaupota ndi unzace, kuopa kuti zala za mwana zingakolemo pobvala. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Ufulu, Kusowa ndi Salaula

Pa 24 Okotobala 1964 dziko linalandira ufulu. Sukulu za Gilbert Rennie ndi Jean Rennie, zimene zinali za ana a Azungu, zinasanduka Kabulonga Boys ndi Kabulonga Girls. Mabanja Acifirika analowa m'nyumba za ku Woodlands ndi Kabulonga, ndipo kum'mawa, pa mseu wa Great East Road, Chelstone anakula nadzala ndi mabanja a anchito. Sukulu zinaculuka, ndipo mwana ali yense anafuna juzi ya mtundu wa sukulu yace. Mai wodziwa kuluka anabveka ana ace, nalukiranso a anansi pa mtengo, napeza ya mcere ndi sopo. Lamulo la maphunziro la 1966 litakhazikitsa Cingerezi kuyambira kalasi loyamba, owerenga anaculuka, koma mau acidule a patani sanaphunzitsidwe m'buku liri lonse lowerenga.

M'zaka za 1970 miyeso inasintha, mainchi nasanduka masentimita, maaunsi nasanduka magalamu. Ici cisautsa kufikira lero ali yense wosunga timapepala takale. Pa manambala akale Acingerezi, nambala ikakula singano icepa: nambala 8 ndi mamilimita 4, nambala 10 ndi mamilimita 3.25, ndipo nambala 12 ndi mamilimita 2.75. Manambala a ku America ayenda mosiyana, pakuti nambala 8 ya kumeneko ndi mamilimita 5. Aunsi imodzi ndi magalamu monga 28, kotero patani yakale yofuna mipira 8 ya aunsi imodzi ifuna mipira 5 ya magalamu 50.

Zaka zomwezo zinali za kusowa. Ian Smith analengeza ufulu wace wosabvomerezeka ku Rhodesia mu 1965, malire a kumwera anatsekedwa mu 1973 kufikira 1978, ndipo mtengo wa kopa unagwa mu 1975. Katundu wocokera kunja anacepa m'masitolo. Pa nthawi yotere juzi yakale siitayidwa, koma imasulidwa, ulusi nkucapidwa, nkulukidwanso, ndipo chati ca maanga cithandiza kusanduliza timipira totsalira ta mitundu yosiyana kukhala cobvala cooneka cokonzedwa dala. Ku Kabwata tinyumba tozungulira tija tinagwetsedwa kuti pamangidwe nyumba zosanjikiza, ndipo mu 1974 tinyumba 43 tinasungidwa nitikhala Kabwata Cultural Village, kumene amisiri a nchito za manja agulitsa zopanga zao.

Kuyambira kumapeto a zaka za 1980, makamaka malonda atamasulidwa pambuyo pa 1991, kunabwera salaula. Mau awa ndi Acibemba, ndipo anena za kusankha pofukula mulu wa zobvala. Juzi yobvalidwa kale ku Ulaya inayamba kupezeka pa mtengo wocepa koposa wa ulusi woilukira, ndipo singano zambiri zinagonekedwa m'masutikesi. Koma luso silinafe. Zobvala za makanda, zipewa, mashawelo ndi majuzi a sukulu zilukidwabe, ndipo juzi ya m'salaula yomweyo itha kumasulidwa nikhala ulusi wa coluka catsopano. Lero foni ya m'manja ibweretsa machati ocokera ku Norway, ku Russia ndi ku Japan, kumene zizindikiro za oluka zinakhazikitsidwa kuti zikhale zofanana m'mabuku onse. Mai wa ku Chelstone wosadziwa liu ndi limodzi lomwe la Cijapani atha kuluka cipewa ca m'buku la ku Tokyo, ngati anaphunzitsidwa poyambira ndi kolowera.

Gawo la Mphunzitsi wa Kumudzi

Mbiri iyi ionetsa kuti cimene cinatsekereza amai a Lusaka sikunali kucepa kwa nzeru kapena kuuma kwa zala, koma khomo la sitolo ndi cinenero ca pepala. Makomo a masitolo anatseguka kale. Cotsala ndico kuwerenga, ndipo imeneyi ndi nchito ya mphunzitsi.

Phunziroli silifuna cuma. Mphunzitsi ajambule pa bolodi timabokosi 8 m'mimba ndi 8 m'litali, nalembe manambala a mizere kuyambira pansi, osamvana kumanja ndi omvana kumanzere, ndiko kunena 1, 3, 5, 7 mbali yina, ndi 2, 4, 6, 8 mbali inzace. Ana ayambe kuchula mokweza mzere uli wonse, awiri ofiira, atatu oyera, asanakhudze ulusi. Pambuyo pace akope maanga a licero kapena a mkanda wa kwao m'kope la masamu, nawerenge kuti cigawo cobwereza ciri ndi timabokosi tingati. Singano zitha kusemedwa ndi nsungwi kapena kusulidwa ndi masipoko a njinga, ndipo ulusi ucokere m'juzi yotha. Anyamata asaturutsidwe kunja, pakuti m'midzi yambiri amuna ndiwo analuka madengu ndi maukonde, ndipo ku Ulaya kale kunali mabungwe a amisiri aamuna oluka ndi singano.

Mwana wodziwa kutsata chati waphunzira kuwerenga cizindikiro ndi ndandanda yace, kuculukitsa, kugawa, kuyesa, ndi kupeza yekha pamene walakwa. Nzeru zomwezo adzazifuna powerenga mapu, tebulo la feteleza, ndi khadi la sikelo la mwana wace. Ndipo mwezi wa Juni ukafika, mng'ono wace adzalawira kusukulu atabvala cipewa.